Bibiana Analekezera Sitandade 3

Bibiana anabadwira m'mudzi wina kumunsi kwa Mtakataka, mwana wachinayi wa a Pitala, mlimi wa thonje. Anabadwa ndi khungu lachialubino, maso ake osaona patali. Kusukulu kunkapita alongo ake awiri okha. Iye ankatsala pakhomo kusenda chinangwa pamthunzi.

Mu 1994, sukulu za pulayimale zitakhala zaulere, bambo ake anakamulembetsa Sitandade 1 ali kale ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ana anachuluka koopsa, ndiye panabwera aphunzitsi ogwirizira amene sanapite ku koleji. Mmodzi mwa iwo anali mayi Rozina a ku Mua. Iwowa sanachedwe kuona kuti mtsikanayo akayang'ana pa bolodi amangotsinzina, nkumakopera za mnzake, zolakwika zomwe. Anamukhazika kutsogolo, pakona pomwe dzuwa silinkafika, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera ndi zidutswa za makatoni atalembapo ndi makala zilembo zazikulu ngati chikhatho. Bibiana ankaziyandikiza kumphuno nkumawerenga. Pofika Sitandade 3 ankatha kuwerengera bambo ake mawu a pathumba la feteleza.

Chaka chomwecho aphunzitsi ena ogwirizira pasukulupo anauzidwa kuti ntchito yawo yatha. Mayi Rozina anali mmodzi mwa iwo. Potsanzika anamugwira Bibiana dzanja nati, "Usasiye, mwanangu. Ukawauze aphunzitsi otsalawo kuti suona patali."

Makalasi awiri anaphatikizidwa, ndipo poti m'chipinda sakanakwanamo, anawatulutsira pansi pa mtengo wa mthethe. A Gervazio, amene anatenga kalasilo, sanali munthu wankhanza. Bibiana atawafotokozera anati aona chochita, koma ana anali oposa zana, ndipo choko ankachisunga polemba tizilembo tating'ono. Dzuwa la Okutobala linamutulutsa zilonda m'khosi ndi pamilomo. Mayeso analephera. Atabwereza kalasi, tiana tomwe anakhala nato tinkamutchula mayina. Lolemba lina sanapite, ndipo palibe amene anabwera kudzafunsa.

Patapita zaka zingapo anakwatiwa ku Golomoti, komwe ankaluka mphasa pakhonde. Mayi Rozina anakumana nawo kamodzi kokha pamsika, iwo akugulitsa tomato. Iye anawazindikira ndi mawu. Anamufunsa kuti sukulu analekezera pati, ndipo anawauza. Kenako iwo anafunsa za a Pitala. Bibiana anayankha kuti anawaika chaka chatha, nthawi yothyola thonje.