Ndinawabisira achemwali anga zomwe dokotala ananena

Lachiwiri lapitali tinaika m'manda achemwali anga, a Felesiya, kwathu ku Chiringa. Anthu akumandipepesa, ati ndinayesetsa. Ndinayesetsa chiyani ine?

Maso awo atachita chikasu, thupi lonse likuyabwa, a chipatala cha pa Boma anatitumiza ku chipatala chachikulu mumzinda. Kumeneko anapeza khansa m'njira yomwe ndulu imadutsa. Poti achemwali ankamva bwino Chilomwe chokha, dokotala anafotokozera ine, gadiyani komanso mwinimbumba.

Ati iwo amayang'ana zaka za munthu, magazi, mmene chiwindi chikugwirira ntchito ndi mmene wodwala wawondera, n'kuyerekeza ngati angapirire opaleshoni. Kwa achemwali zonsezi sizinali bwino. Popanda opaleshoni, miyezi yowerengeka. Ndi opaleshoni mwayi ulipo, koma akhozanso kutisiya masiku oyambirira omwewo.

"Muwauze zonse, asankhe okha," anatero dokotala.

Achemwali anandigwira dzanja. "Achimwene, ati bwanji? Ngati n'zoopsa mundiuze, ndiyambe ndapita kumudzi ndikanyamuleko khanda la Tadala."

Tadala ndi mwana wawo yekhayo, ndipo anali atangobereka kumene.

"Iyayi, ati n'zazing'ono," ndinayankha. "Mukalinyamula mukachira."

Achemwali anadinda chala papepala lovomereza opaleshoni. Patatha masiku anayi opaleshoni itachitika, anamwalira.

Kwathu kuno timatero, si choncho? Wodwala sauzidwa, ati angataye mtima. Timanong'onezana pakhonde la wodi, tikalowa m'kati n'kumamwetulira. Amuna awo akudziwa, a kumpingo akudziwa, ngakhale wakabaza wotinyamula akudziwa. Wosadziwa ndi mwini thupi yekha. Ndiye timati n'chikondi chimenecho.

Sindikunena kuti madokotala saphonya poyerekeza. Si Mulungu iwo. Mwinanso achemwali akanasankha opaleshoni yomweyo, anali munthu wosaopa. Koma akanayamba akwera minibasi, n'kukakhala pamkeka tsiku limodzi lokha mdzukulu ali pamiyendo. Tsiku limenelo ndinawalanda ndine, ndipo zikundipweteka kwambiri.

Titachoka kumanda, Tadala anandipeza kuseli kwa nyumba, khanda lili kumsana.

"Amalume, amayi ankadziwa kuti akhoza osabwerako? Nanga bwanji sanabwere kudzationa?"

Ndinangoyang'ana pansi.

Inu amene muli pa wodi lero, dokotala wakuuzani zoona ndipo mwazisunga mumtima, tandiuzani: mukumvera chisoni wodwalayo, kapena mukungoopa kumuona akulira?