Tsiku Limene Ndinadula Mtengo wa Aneba

Nditangoyamba ntchito yosamalira okalamba ku Wakefield, ndinapeza kadimba pamalo amene khonsolo imabwereketsa anthu. Aneba anga kumeneko, mzungu wachikulire, anandipatsa kanthambi ka mtengo wawo wa maapozi, ine n'kumezanitsa pa wanga. Patatha zaka ziwiri, masamba a mtengo wanga anachita mawanga achikasu.

Mkuluyo anathamangira ku komiti ya madimba. "Matendawa wabwera nawo kwawo ku Africa," anatero ine ndili pomwepo. "Mulandeni dimbalo."

Chonsecho ku Malawi ndinachokako ndi sutikesi imodzi, mopanda ngakhale tsamba. Ndinapempha kuti mitengo yonse ipimidwe, ndipo mayi wina wa m'komitimo anatumiza masamba ku labotale. Yankho linabwera lomveka: matendawo amayamba ndi kachilombo. Kachilomboko kali ndi mitundu yosiyanasiyana, kamafala pomezanitsa, ndipo mtengo wina umakhala nako osaonetsa. Mtundu wa mumtengo wanga unali womwewo wa mumtengo wa mkuluyo, komanso m'mitengo ina yonse ya anthu amene mkulu yemweyo anawagawira nthambi.

Komiti inalamula kuti mitengo yodwalayo idulidwe, ndipo mkuluyo anayamba kugwetsa wake. Kwathu mnzako akamagwetsa mtengo sumangoonerera, choncho ndinanola sowo yanga n'kulowa m'dimba la mkuluyo.

"Khalani pansi, bambo, mungathyoke msana," ndinatero.

Ntchito ya mphindi makumi awiri ndinaigwira m'mawa wonse, nthambi imodziimodzi, iwo akuona. Dimba langa sanandilande. Chaka chotsatira ndinabzalamo maungu, ndipo mkuluyo sindinamupatseko ngakhale limodzi.