Mphika umene aTembo anamanga okha

A Elinata Mbewe, amene anthu a ku Zemba amawatchula kuti aNambewe, aphunzitsa ana kwa zaka zambiri, koma pano ndilemba za temu imodzi yokha, yoyamba ya chaka cha 1995. Ndinali m'kalasi mwawo chaka chimenecho, Giredi 4. Zina ndinaona ndekha, zina ndinachita kufunsa eni ake, ndipo pamene anthu akukumbukira mosiyana ndanena.

Kwawo ndi kufupi ndi Mlolo. Atamaliza Giredi 12 malo ku koleji ya aphunzitsi sanapezeke, choncho analima mtedza ndi amayi awo zaka ziwiri, mpaka sukulu yathu itasowa mphunzitsi. Anawatenga ngati wogwirizira, wopanda satifiketi. Mphunzitsi wotere ankakhala temu imodziimodzi; ahedi ndi komiti ya makolo akapanda kukhutira naye, temu yotsatira sankabweranso. ANambewe ankafika m'mawa pa njinga ya alongo awo, yopanda mabuleki, akuimitsa ndi phazi.

Buku la sayansi linali limodzi, ana tili oposa makumi asanu. Pa tsamba lina panali chithunzi cha dzira, mbozi, chikwa ndi gulugufe, ndipo tinachiloweza ngati nyimbo. Tsiku lina Yosiya Tembo anakweza dzanja n'kunena kuti atate ake amati mbozi zimagwa ndi mvula. Tonse tinavomereza, ine ndemwe. Kwathu aliyense ankadziwa kuti mvula ikagwa, mawa lake m'thonje muli mbozi.

ANambewe sanamukalipire. Mawa lake anatitengera ku mtengo wa mandimu kuseri kwa tchalitchi, natiuza kuti titembenuze masamba anthete. Tinapeza timazira tachikasu, kamodzikamodzi, ndi timbozi tofanana ndi zitosi za mbalame. Tinazisunga m'miphika yakale ndi m'zitini za mafuta ophikira, pamwamba titaphimba ndi nsalu yopyapyala. Gulu lililonse linali ndi mphika wake. M'mawa uliwonse tinkabweretsa masamba atsopano, kuyeza mbozi ndi rula, ndi kuijambula m'kope. Zitakula zinasanduka zobiriwira, ndipo ukakhudza imodzi inkatulutsa tinyanga tiwiri tofiira ndi fungo loipa. Yonenepa kwambiri tinaitcha Ahedi, koma mobisa.

Vuto linali lakuti Febuluwale ndi mwezi wopopera thonje. Makolo anayamba kudandaula kuti iwo akupha mbozi kumunda, ana awo akuweta mbozi kusukulu. Ena ankati kamtsikanako kakanakhala kophunzira uphunzitsi sikakanachita zimenezi. Wapampando wa komiti anali a Wadson Tembo, atate ake a Yosiya, mlimi wa thonje wodziwika dera lonselo. Anabwera kusukulu akuchokera kumunda, chopopera chili kumsana, naima pakhomo pa kalasi.

"Ziweto zanu ndi zimenezi, aNambewe? Mukama liti mkaka?"

Tinaseka, ngakhale sitinayenere kutero. ANambewe anawagwadira pang'ono n'kufotokoza kuti mbozi zimenezi zimadya mandimu okha, ndipo zambiri zasanduka kale zikwa. Anawaonetsa chimodzi chitadzimangirira ku kamtengo ndi ulusi wake. ATembo anachiyang'ana nati imeneyo ndi mbozi yakufa, youma, ndipo iwo alima zaka makumi atatu osaonapo mbozi ikumera mapiko. Ahedi, amene anali atafika, anati nkhaniyo ikambidwe pa msonkhano wa komiti Lachisanu la sabata yachiwiri, ndipo pomwepo adzaonanso ngati aNambewe adzabwerere temu yamawa.

"Dikirani masiku ochepa, bambo, mudzaona," anatero aNambewe.

"Ndidzaona gulugufe amene mwagwira kudambo n'kuikamo nokha."

"Ndiye musankhe chikwa chimodzi, mupite nacho kwanu. Mumange nokha."

ATembo anaganiza kaye. Kenaka anasankha mphika wa gulu lathu, umene unali ndi chikwa chimodzi, nauphimba ndi nsalu, naumanga ndi chingwe cha m'thumba mwawo. Anamanga mfundo imene ankamangira mabelo a thonje, imene ankanyadira kuti wina akaimasula sangaibwezere momwe inalili. ANambewe anangowapempha kuti mphikawo usakhale padzuwa kapena pafupi ndi mankhwala.

Masiku otsatira agulugufe anayi anatuluka m'kalasi mwathu tikuona, koma kumudzi anati ana amanena chilichonse chimene madamu awauza. Umboni unali mphika wa kwa aTembo basi. Ndiye chikwa china cha m'kalasi chinada, ndipo m'malo mwa gulugufe munatuluka tizilombo ting'onoting'ono touluka. ANambewe anatiuza kuti zimachitika, kachilombo kena kamaikira mazira mkati. Pambuyo pake anandiuza kuti kuyambira tsiku limenelo chakudya sichinkawalowa, chifukwa panalibe njira yodziwira ngati chikwa cha aTembo chinali chamoyo. M'mawa uliwonse ankamuyang'ana Yosiya, iye n'kupukusa mutu. Lachinayi Yosiya anabwera ndi uthenga wakuti amayi ake atopa ndi kuzungulira mphika wa mbozi pakhonde, akufuna kuutaya kudzala.

Lachisanu a komiti anakhala pansi pa mtengo wa mango, wapampando asanafike. Ife tinali m'kalasi, koma panalibe amene ankamva masamu. Nthawi ya msonkhano itapitirira ndithu, tinawaona aTembo akubwera mumsewu. Sanakwere njinga. Ankaikankha pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira dengu pa kaliyala, akupewa mabampu onse. ANambewe anaima pazenera choko chili m'manja.

ATembo anatulutsa mphika m'dengumo nauika pa benchi n'kuuza ahedi kuti aitane ana onse. Tisanayandikire, aTembo anaitana a komiti mmodzimmodzi kuti aone mfundo ija. A Zebron Mwale, msungichuma, anaitembenuza uku ndi uku navomereza kuti ndi mfundo ya aTembo ndipo sinakhudzidwe. Pamenepo aTembo anamasula.

Pa kamtengo kaja panali gulugufe wamkulu, wakuda wa mawanga achikasu, ndipo pambali pake chikwa chong'ambika, chopanda kanthu. Anakwera pang'onopang'ono mpaka pamlomo pa mphika, akutsegula ndi kutseka mapiko.

"Ndinamanga ndine," anatero aTembo. "Mphika unali pakhonde panga. Palibe chinalowamo."

Sindikudziwa amene anayambitsa, koma tonse tinayamba kuimba mawu a m'buku aja, dzira, mbozi, chikwa, gulugufe, tikuomba m'manja, ndipo ahedi sanatiletse. Gulugufeyo anauluka. Yosiya amati analowera kutchalitchi, ine ndimakumbuka kuti analowera kuminda. Sitinagwirizanepo mpaka lero.

Phokoso litachepa, aTembo anafunsa ngati mbozi ya m'thonje imachitanso chimodzimodzi. ANambewe anati inde, koma iyo imasanduka kagulugufe kotuwa kouluka kukada, ndipo mazira ake amakhala pa masamba a kunsonga. Munthu akawaona msanga amadziwa tsiku loyenera kupopera, osangoyembekezera mvula.

"Mawa m'mawa mubwere kumunda kwanga mudzandionetse, aphunzitsi."

Aka kanali koyamba kuwatchula choncho. Msonkhano sunatenge nthawi; a komiti anagwirizana kuti aNambewe adzabwerere temu yamawa. ANambewe anapita kumundako Loweruka, alimi ena asanu ali pambuyo, ndipo mazira anawapeza pa mzere wachitatu.

Anakhalabe pasukulu pathu mpaka 1997, pamene anapeza malo ku koleji ku Chipata; kalata yowachitira umboni inali ndi siginecha ya aTembo. Atamaliza anapempha kubwerera konkuno. Mphika uja aTembo anaubweza Lolemba lotsatira, chingwe chake chili mkati, ndipo aNambewe ankautulutsa Febuluwale aliyense, akapita ndi Giredi 4 ku mtengo wa mandimu.