Chokupizira Chopendekeka pa Nsalu ya pa Guwa

Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe za apongozi anga m'kalata ya parishi. Ndilemba, ngakhale misozi yomwe anthu akudikira kwa ine sinabwerebe.

Ambiri mumawadziwa kuti Amayi a Lesi. Anaphunzira kuluka lesi, nsalu yokongoletsera yamaukonde, kwa asisitere ali ndi zaka khumi: mtsamiro pamiyendo, mapini, ndi timitengo tokulungidwa ulusi topingasa tiwiritiwiri. Luso lawo linali m'mphepete mwa nsalu, momwe ankaluka zooneka ngati zokupizira mphepo zotambasula. Ulusi umapita kumapeto, kuzungulira pini, n'kubwerera. Pa pini iliyonse ankanena pemphero la Tikuoneni Maria, n'chifukwa chake ntchito yawo sinkafulumira. Akadumpha pini, ankamasula mpaka pomwe analakwitsa. "Mulungu sitimupatsa za bolabola," ankatero.

Nditakwatiwa ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, anandiphunzitsa nanenso. "Zala zakozi n'zamatabwa, mwananga," ankandiseka, koma sanatope nane.

Atakalamba analonjeza kuluka nsalu ya pa guwa ya zokupizira makumi asanu ndi limodzi. Ali pa chachisanu ndi chiwiri, uthenga unafika woti mwamuna wanga wafa pangozi ya pamsewu. Amayi anadumpha pini imodzi. Maliro atatha anabwerera pa mtsamiro wawo, osalira, ine ndili pambali pawo, osaliranso.

"Amayi, mukupempherabe?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Pakamwa pandiuma, mwananga. Mumtimamu muli zii. Koma zalazi njira zikuidziwa."

Anapitiriza motero zaka zisanu ndi zinayi, maso akuchita khungu, mantha awo ali amodzi: kufa lonjezo lisanathe. Chachisanu ndi chiwiri chija chinatsala chopendekeka. Nditati ndichimasule tisanafike patali, anandigwira dzanja. "Chisiye. Tsikulo ndi mmene linalili. Mwini wake achione."

Anatisiya Lachiwiri m'mawa, mwakachetechete, ali pampando wawo wa pawindo, mtsamiro uli pamiyendo. Kunatsala zokupizira ziwiri. Ndinazimaliza ine wa zala zamatabwa. Pa mapini sindinanene pemphero lija, mawu anakana.

Nsaluyo tsopano ili pa guwa. Mukawerenga kuchokera kumanzere, chachisanu ndi chiwiri muchiona. Misa ikatha ndimakagwada moyang'anizana nacho. Sindimva kalikonse. Lamulungu likubwerali ndidzagwadanso pomwepo.