Ambulera ya a Hedi

Ntchito yoperekeza alendo m'phiri ndinaipeza chifukwa cha miyendo yangayi. Ndinkathyola tiyi ku esiteti, ndiye mlamu wanga atamva kuti kagulu kena pa Boma kakufuna mzimayi wosatopa ndi chitunda, anakanditchula. Anandiphunzitsa ndi bambo Muhiwa, munthu wosakonda kubwereza mawu. Anandipatsa jombo, chikwanje, magalasi oonera patali ndi kabokosi ka mankhwala. Miyezi iwiri ndinkangoyenda pambuyo pawo, kuphunzira fungo la mkungudza, mapazi a gwape, ndi kasakidwe ka kananzikambe kochepa ngati chala, kamene sikapezeka kwina koma kuno.

Ulendo woyamba kuyenda ndekha ndinatenga aphunzitsi asanu ndi anayi ochokera ku Blantyre. Tisanawoloke n'komwe mtsinje woyamba, madandaulo anali atayamba. Wina akufuna netiweki, wina wavala gogoda. A hedi awo ankangofunsa kuti, "Achemwali, nyalugwe ali kuti? Mitengotu nafenso tili nayo kwathu."

Ndinapirira. Maola atatu ndikusuzumira m'zitsamba, msana ukuwawa, mpaka ndinakaona kananzikambe kaja kali phee pa kanthambi, kofanana ndi tsamba louma. Ndinawaitana monong'ona, n'kuyamba kufotokoza kuti nkhalango yake ikutha ndi moto ndi macheka.

A hedi anawerama, kenaka anakuwa. "Nanzikambe! Ameneyu akaluma sataya!" Ambulera yawo inatsika ine ndisanatseke pakamwa. Kamodzi kokha basi.

Ndinakatola pansi katafa kale. Anzawo ankaseka, wina akujambula pafoni. Zimene ndinayankhula pamenepo sindingazilembe. Zina zinatuluka m'Chilomwe cha amayi anga. Tinatsika phirilo, ndipo pomwe timafika kuofesi n'kuti a hedi ataimba kale foni kuti ndine wamwano.

Bambo Muhiwa anamva mbali zonse. Alendo atapita anandifunsa, "Musananyamuke unawafunsa zimene amaopa?"

"Ayi."

"Nanga iwe unaima pati?"

"Pambali pawo."

"Sabata ziwiri ukakhale ku nazale, uzikathirira mbande."

Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe, poti wakuphayo anakwera minibasi osamva ngakhale liwu limodzi lomudzudzula. Komabe kuyambira pamenepo sindinyamuka ndi gulu ndisanafunse kuti ndani amaopa chiyani. Ndikapeza kanyama, ndimayamba ndaima pakati pa iko ndi anthu, kenaka n'kuwaitana. Iwo akamaona kanyamako, ine maso amakhala pa manja awo.