Angeladi ya Ba Josiah

Ba Josiah Tembo a ku Matero anakalambira pa makina odula sopo ku Heavy Industrial Area, pansi pa kapitawo wa ku Belgium amene anabwera kudzera ku Zaire. Mzunguyo kulankhula sankakudziwa, chake chinali kukalipa basi. Akapsa mtima Chingerezi chinkamuthawa, m'malo mwake kunkatuluka Chifalansa cha m'misewu, malovu akuthovokera pankhope pa munthu. Kukalipa kotereku mwiniwake ankakutcha engueulade, ndiko kuti kumukhuthulira munthu ukali kukamwa kuli yasa ngati galu. Antchito anawongola mawuwo kuti akwane pa lilime lawo: angeladi.

Palibe anadya angeladi ngati Ba Josiah. Ankangomeza, ndipo akafika kunyumba ankaisanzira akazi awo, amai Philomena, ndi ana omwe, m'Chifalansa chimene ngakhale iwo eni sankachimva. Kunena zoona, sanali munthu wokoma kukhala naye.

Kenako kunabwera zaka zogulitsa makampani. Zipata za mafakitale zinayamba kutsekedwa, amuna a m'komboni n'kumangowothera dzuwa pakhomo ngati abuluzi. Aliyense ankapita kuntchito mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati mawa adzaloledwa kulowa. M'masiku omwewo mzungu uja analeka kuwakalipira Ba Josiah. Anayamba ndi kuwapatsa moni komwe.

Mkuluyo anakondwa ngati mwana. "Waona manje kuti ndine mukulu pa nchito," anauza amai Philomena. "Ba Kapembwa ndiye bali mu mavuto, angeladi siku na siku."

Kapembwa, mnzawo wa pa makina, atamva kudzitamako kuntchito anapukusa mutu. "Imwe ba Josiah, uja amakalipila munthu wamene akali kumufuna mailo. Bonse bamene anachosa nchito, anayamba ni kubapasa moni."

Mawuwo anawalasa Ba Josiah: ngati mzungu waleka kuwakalipira, ndiye kuti mawa sakuwafunanso. M'mawa mwake anachita chimene sanachitepo pa moyo wawo: anagwetsa dala katoni yonse ya sopo pamapazi pa mzunguyo. Anavula chipewa, naweramitsa mutu, n'kudikira. Chamumtima ankachonderera Mulungu kuti munthuyo akalipe.

Mzunguyo anayang'ana sopo womwazikayo, kenako anawayang'ana iwo. Anawagwira paphewa mofatsa.

"Zilekeni, bambo Tembo," anatero m'Chingerezi chofewa. "Wina atola."