Miyendo ya Mumchenga

Ine kulemba kumandivuta. Sukulu ndinalekezera sitandade 2, ndiye mawu ena akapendekeka musaseke. Koma njinga yamoto ndiye ndimaidziwa. Funsani aliyense wa imvi kuyambira pa Thabwa mpaka ku Muona, akuuzani kuti kale kunali munthu mmodzi amene ankawoloka mchenga wa mtsinje wa Livunzu osatsika panjinga. Munthuyo ndi ine.

Njingayo sinali yanga ayi. Inali ya mlangizi wa thonje amene anamutumiza kwathu kwa Makhuwira ine ndisanakwatire. Munthu wa kumtunda, wophunzira, wa nsapato zowala. Tsiku loyamba kulowa mumchenga anagwa, lachiwiri anagwanso, lachitatu anapsa mwendo ndi paipi ya utsi. Ine ntchito yanga inali kumunyamulira mpope wa mankhwala. Masana ena anandionetsa giya ndi buleki, basi kuyambira pamenepo woyendetsa ndinali ine, iye kumbuyo atakumbatira chikwama cha mapepala. Za laisensi palibe anafunsa. Kumidzi kuno akanafunsa ndani, mbuzi?

Mchenga uli ndi malamulo ake. Ukaulowa umachotsa mapazi popondera, mwendo uku mwendo uku, n'kumapalasa ngati bakha, maso ali dwii pa tayala lakutsogolo kuona pofewa, paminga, padzenje. Kuchigwa kuno tonse timayendetsa choncho, ndipo ine ndinali katswiri wa zimenezi.

Ntchito ya thonje itatha, mlangizi anapita ndi njinga yake. Ine ndinabwerera pa yopalasa, zaka makumi atatu ndi zina. Ndinabereka ana, ena ndinaika m'manda, madzi osefukira anandigwetsera nyumba kawiri. Koma injini ikamadutsa mumsewu, dzanja langa lamanja linkapotokola lokha mpini wa khasu.

Chaka chathachi ndinagulitsa ng'ombe ziwiri n'kukagula yanga ku Nchalo, yofiira. Nditaikwera ndinayamba kuponda kiki mwamphamvu ngati kale. Wogulitsa akuti, "Madala, mukuvutikiranji? Dinani apa." Ndinadina ndi chala chimodzi, chinthu n'kudzuka. Chala chimodzi! Ija ya mlangizi inkafuna thukuta la munthu wamkulu isanatsokomole n'komwe.

Ndinaiyendetsa masiku atatu okha. Loweruka kunabwera mwana wanga woyamba, amene ndi kapitawo wa madzi kuminda ya nzimbe. Anagwada, anandipatsa moni, anadya. Potsanzika anatambasula dzanja n'kutenga kiyi pamsomali.

"Ababa, kiyiyu ndikusungirani."

"Undisungira? Ndakuuza kuti matumba anga ndi obooka?"

"Zaka zanu zapitirira makumi asanu ndi awiri, ababa, ndipo msewu wa lero si uja munkaudziwa. Kapezeni laisensi. Boma likakuvomerezani, ine ndine ndani? Likakukanani, njingayi tiipereka kwa wa kabaza, izikupezerani ya ndiwo."

Ndinakuwa mpaka nkhuku za aneba zinabalalika. Ndinamukumbutsa kuti mayi ake ndinkawanyamula panjinga yamoto iye ali m'mimba. Mayi akewo anangoti ali pamkeka akusankha mpunga, "Bambo ake, kukuwa sikuyendetsa njinga." Nkhani inathera pomwepo.

Pofuna laisensiyo, mafunso a zikwangwani za pamsewu sanandivute. Munthu wodziwa ng'ombe zake makumi awiri ndi mawanga okha angalephere kusiyanitsa chikwangwani chozungulira ndi cha makona atatu? Anandipatsa pepala la wophunzira. Litakwana tsiku loyesedwa kuyendetsa, mwana wanga ndiye anayendetsa kukwera phiri kupita m'tauni, ine kumbuyo ngati thumba la makala.

Woyesayo anali bambo wochepa thupi, wa magalasi, wolankhula motsitsa. Anaimika tizipilala tofiira tapulasitiki pabwalo la tala.

"Agogo, muzungulire apa ndi apo ngati mukulemba nambala eyiti. Pang'onopang'ono. Phazi likakhudza pansi, mwalephera."

Ndinaseka. Ine ndinkayembekezera kuti andiuza kuthamanga. Ndinanyamuka bwinobwino, koma nditangofika pokhota poyamba, njinga itachepa mphamvu, miyendo yanga inatsika yokha. Yonse iwiri, tayale! Sindinaitume.

"Agogo, mwaponda pansi."

"Sindinaponde, ndapalasa! Ndiko kuyendetsa kwake kumeneko!"

"Kwanuko mwina. Mukakonzeke, mudzabwerenso." Ananena mwaulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unandiwawa kwambiri.

Potsika phiri mwana wanga ndiye anayendetsanso. Ine ndinkangoyang'ana msana wake. Titafika pakhomo anati, "Ulendo umodzi watsala, ababa. Wachitatu kulibe." Kiyi anasiyira mayi ake, kuti azindipatsa pokaphunzira pabwalo la mpira basi.

Ndinayesa ndekha sabata yathunthu. Ndinkaikalipira miyendo ngati ana. Ndinaganizapo zoimangirira ndi luzi popondera, mkazi wanga n'kundifunsa ngati ndagula kale bokosi la maliro. Palibe chinasintha. Njinga ikangochepa liwiro, mapazi pansi.

Tsiku lina ndikumwetsa ng'ombe kumtsinje, ndinamva injini ikubwera. Anali mayi wa zaumoyo amene amayenda m'midzi mwathu ndi bokosi la katemera kumbuyo, timangoti adokotala. Mayi wa ana atatu, wa ku Nsanje, msinkhu wa mwana wanga wamkazi. Ndinaima kuti ndimuone akugwa, poti pamenepo mchenga ndi wofika m'maondo. Analowa. Mapazi ali popondera pomwepo, thupi atalikweza pang'ono, mutu uli chilili. Tayala lakumbuyo linkavina uku ndi uku, iye osalilabadira. Anatulukira tsidya lija ngati bwato. Ine kukamwa yasa, ng'ombe zinalowa m'dimba la eni ine osaziona.

Zinanditengera masiku anayi kuti ndikamupemphe andiphunzitse. Musandifunse chifukwa, amuna anzanga mukudziwa. Nditapita kuchipatala chaching'ono chimene amagwirako ntchito ndinayamba ndi kudandaula za msana. Iye anandiyang'ana n'kuseka.

"Ababa, za msana kapena za eyiti? Mudzi wonse ukudziwa."

Mawa lake m'mamawa, dzuwa lisanakwiye, anabwera pabwalo la mpira n'kuika njerwa ziwiri motalikirana. Anati ndizungulire iye aone. Ndinazungulira, miyendo n'kutsika.

"Miyendo yanu ilibe mlandu," anatero. "Ndi maso. Mukuyang'ana pansi, ndiye phazi likupita kumene diso lapita. Dzutsani mutu. Mukamakhota, yang'anani mlambe uwo. Mukabwerera, yang'anani phiri."

"Ndikapanda kuyang'ana pansi, ndidziwa bwanji chimene ndikuponda?"

"Pansi sipathawa, ababa. Pakhala pomwepo."

Ndinagwa kawiri tsiku limenelo, chigongono n'kusupuka. Khosi langa linali litazolowera kuwerama: pakhasu kuwerama, pathonje kuwerama, panjinga kuwerama. Kulidzutsa kunali ngati kuwongola mtengo wokula kale. Mayi uja ankaima pakati pa bwalo akufuula mokweza kuposa ine, "Mutu! Mutu, ababa! Mwataya chiyani pansipo?"

Tsiku lachisanu, ndikukhota, ndinadzutsa mutu n'kuyang'ana phiri monga anandiuzira. Abale inu. Ine ndinabadwira pansi pa mapiri a Thyolo amenewa. Ndinkawayang'ana pofuna kudziwa ngati kumtunda kwagwa mvula yoti itigwetsere nyumba, basi. M'mawa umenewo dzuwa linali lisanatuluke kuseri kwake, koma m'mphepete monse mwa phirilo munali mutayaka ngati chitsulo cha pamoto. Nkhungu inagona m'makwawa, yoyera mbee. Zipsera zimene madzi anasiya pogumula nthaka zinkaoneka kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati zikhadabo za chilombo chachikulu. Njinga inakhota yokha. Nditatembenukira kwinako ndinapeza mlambe uja, kuseri kwake mivumo itaima mzere, ndi akakowa ambirimbiri akuuluka motsika kupita kuminda ya mpunga. Ndinakhotanso, phiri. Ndinakhotanso, mlambe. Ndinamva mayi uja akuwomba m'manja, akundiyamikira m'chilankhulo cha kwawo.

"Pyadidi! Kasanu konse osaponda!"

Ine sindinawerenge. Ndinaima, ndinazimitsa injini. Ndinangoti, "Takhuta, mayi." Ndiko kuthokoza kwa kuchigwa kuno.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita pabwalo m'mamawa uliwonse, ndipo ndisakunamizeni, sindinkapitira mayeso okha. Ndinaona kuti phirilo silivala malaya amodzi. Lero labiriwira, mawa lachita buluu, tsiku lina utsi wa otentha tchire walibisa theka. Ndinaona nkhwazi ziwiri zimene zimazungulira pamwamba pa mudzi wathu nthawi yomweyomweyo. Nditauza mkazi wanga anati zakhala zikutero kuyambira pamene anakwatiwa.

Ulendo wachiwiri tinapeza woyesa yemwe uja. Anandizindikira. "Agogo a kuchigwa, mwabweranso? Mchenga mwausiya kunyumba?"

"Imikani tizinthu tanuto," ndinatero.

Mwana wanga anaima patali pansi pa mtengo, manja m'thumba. Ndinadina, ndinanyamuka. Pabwalo limenelo panalibe mlambe kapena phiri, ndiye ndinasankha thanki ya madzi mbali iyi, mbali inayo denga la tchalitchi. Pokhota poyamba bwinobwino. Pachiwiri njinga inachepa mphamvu kwambiri, inayamba kupendekera kumanzere, ndipo ndinamva phazi langa likunyamuka popondera. Linanyamukadi, sindikana. Mtima unati yang'ana pansi, mkulu iwe, ugwa pamaso pa mwana wako. Ndinaluma mano, maso pa thanki, ndinawonjezera moto pang'ono. Njinga inadzuka. Phazi linabwerera pamalo pake lisanalawe tala.

Zinatsatira zinali zamasewera: kuima mwadzidzidzi, kuonetsa kokhotera, kutuluka mumsewu n'kubwerera. Woyesa analemba papepala lake nthawi yaitali, kenaka anavula magalasi.

"Mwakhoza, agogo."

"Nenani mokweza, uyo ali apoyo amve!"

Anaseka, n'kunenadi mokweza. M'kati anandijambula, anandidinditsa zala, anandipatsa pepala loti ndiziyendera podikira khadi. Nditatuluka ndinapeza mwana wanga ataima pambali pa njinga. Anavula chipewa, anapinda bondo pang'ono, n'kundipatsa kiyi ndi manja awiri.

"Ine ndikwera minibasi, ababa."

"Ukwera pano. Kumbuyo."

Anakwera. Amene mumaudziwa msewu wotsikira ku Chikwawa mukudziwa mmene umapindikira ngati njoka yomenyedwa. Mwana wanga, bambo wa ndevu zake, anandigwira m'chiuno zolimba mpaka nthiti kuwawa. Ine giya yotsika, buleki pang'onopang'ono, maso kutsogolo kumene msewu ukupita. Ndiye titakhota pena pake, phiri linangotseguka, chigwa chonse n'kugona pansi pathu.

Msewu umenewu ndautsika kambirimbiri, m'malole, m'maminibasi, nkhope ili pamsana pa munthu wina kapena pathumba la ufa. Sindinkadziwa kuti kwathu n'kotere. Shire ankanyezimira, akupinda uku ndi uku osafulumira, ngati mwini dziko. Minda ya nzimbe inayalidwa ngati mikeka yobiriwira. Kutali kumwera dambo lalikulu linasakanikirana ndi thambo, osadziwika pothera madzi ndi poyambira mitambo. Mpweya wotentha wa kwathu unakwera kudzatichingamira pankhope. Zaka zanga zonse, maliro onse, minda yonse ndinalima, zonse zinali m'munsimo, pamalo oti ndikanatha kuwaphimba ndi chikhatho.

Ndinapatukira pambali n'kuzimitsa injini. Kunangoti zii, mphepo yokha.

"Chavuta n'chiyani, ababa? Buleki?"

"Palibe chavuta. Tsika uone."

Anatsika. Tinaima awiri m'mphepete mwa msewu, zipewa zolimba za panjinga zili m'manja. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka analoza ndi chala kumanzere, m'tsinde mwa mapiri, kumene utsi woonda unkakwera.

"Kwathu ndi paja?"

"Pitirira pang'ono. Ukuona pamene mchenga wayera paja? Kuseri kwake."

"Ndiye n'kutali ndithu," anatero. "Tiyeni, amayi akudikira. Koma muziyendetsa chonchi, ababa."

Anakweranso kumbuyo, ndipo ulendo uno anangoika dzanja limodzi paphewa langa.